Magazi Anga Anandipereka kwa Mubemba

Nkhani iyi ndinkafuna kupita nayo kumanda, koma ba Chanda aifalitsa kale kuyambira mumsika mpaka ku Mwami, ndipo poifotokoza amathira mchere wambiri. Ndiye ndati bola ndiinene ndekha, mwina ndingapulumutseko kachigamba ka ulemu. (Sindikulonjeza.)

Ine ndine telala. Makina anga akhala pakhonde la sitolo ina muno mu Chipata kuyambira ndili ndi mano onse. Sukulu ndinaisiya itangoyamba kukoma, koma manambala a pa tepi ndimawawerenga kuposa aphunzitsi. Thupi langa ndi la singano. Lamba aliyense ndikagula ndimayamba ndamuboola ndi msomali. Ba Chanda ndi Mubemba amene anabwera kudzagwira ntchito ya mapepala a malole pa bodala, kumalire a dziko, ndipo atapuma ntchito anaiwala njira ya kwawo. Iwo thupi Mulungu sanawamane. Akaimitsa njinga yonyamula anthu, wopalasa amayamba wayang'ana tayala la kumbuyo ngati akutsanzikana nalo.

Kwa inu akutali ndinene: ife akum'mawa ndi Abemba ndife a chimbuya, timanyozana popanda mlandu. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani. Mbuya wako akhoza kukuvula chipewa pakati pa msika kapena kukutolera nyama m'mbale, iwe n'kumangoseka. Ukamwalira ndiye amadzakunyoza pamaliro kuti olira apumeko. Choncho "ba" waulemu uja ndamupereka kawiri, wakwana. Kuyambira pano ndi Chanda basi.

Chaka chilichonse Chanda ankabwera ndi mabuluku kuti ndiwakulitse. Ndikamuyeza m'chiuno, nambala ndinkailengeza mokweza kuti amayi ogulitsa tomato kutsidya la msewu amve. Tsiku lina nditamaliza chiuno, ndinamuyezanso kuchokera kumutu mpaka kuphazi.

"Ukuyeza chiyani, wakudya mbewa iwe? Ndati ndikufuna mkanjo?"

"Bokosi. Akalipentala akufuna adziwiretu, chifukwa matabwa ake ndi oitanitsa."

Anthu anaseka, ine ndinakhuta tsiku lonse.

Nthawi imeneyo mdzukulu wanga Tiyanjane anali pafupi kukwatiwa, ndipo ine ndinali nditaweta nkhumba ya ukwatiwo kwa mlamu wanga ku Kasenengwa. Chaka chathunthu ndikuitumizira madeya. Ndinkapita kukaiona ngati wodwala, n'kumaisisita pamsana. Nyama ya pamsana ija, yamafuta oyera okhuthala zala zitatu, chikopa chake chitakazingidwa mpaka kumalira m'kamwa, ndinali nditauza banja lonse kuti ndi yanga. Nkhumba ndimaikonda, musandiweruze. Masana aliwonse ndinkadya yokazinga, n'kumadzitama kuti ine mafuta sandikhala, amangodutsa ngati basi ya ku Lusaka.

Lolemba lina Chanda anakhala pa benchi langa n'kunena kuti mawa akupita kuchipatala kukayezetsa mafuta a m'magazi.

"Akayeza chiyani?" ndinatero. "Akangokubaya singano patuluka saladi. Uwauze amayi awa abwere ndi mabotolo, mwezi uno asagule mafuta ophikira."

"Tiye tikayezetse tonse," anatero mofatsa, akuyang'ana zala zake.

(Apa ndi pamene ndikanadzuka. Mubemba akayankhula mofatsa, yang'ana pamene ukuponda.)

"Tiye," ndinatero. "Ndipo amene apezeke ndi mafuta ambiri, mbale yake ya pa ukwati wa Tiyanjane ndi ya mnzake."

Palibe anandikakamiza. Mawuwo ndinawasoka ndekha, ndipo ndinaitana mwini sitolo ndi amayi a tomato kuti akhale mboni. Ndinaonjezanso mpendero: wolephera akhale pambali pa wopambana, aone mmene nyama ikutsikira.

M'mawa mwake tinapita osadya kanthu, monga anatiuzira. Adokotala anali mayi wachitsikana, msinkhu wa Tiyanjane yemweyo, wa magalasi. Anatitenga magazi m'timabotolo tiwiri. Ndinasuzumira ka Chanda kuti ndione mafuta akuyandama ngati pa msuzi, koma tonse tinali tofiira mofanana. Ndinangoti mwina sanadikhe.

Patapita masiku awiri tinabwerera. Anafuna kutilowetsa mmodzimmodzi, ine ndinakana. Ndinkafuna ndione nkhope yake.

"Ba Chanda, zili bwino," anatero adokotala. "Mapiritsi akugwira ntchito. Pitirizani kumwa, ndipo kuyenda kwanu kwa m'mawa musaleke."

"Mapiritsi ati?" ndinafunsa.

"Chaka chachinayi chino," anatero Chanda, akuyang'anabe zala.

Kuyenda kwa m'mawa kuja ndinkakudziwa. Ndinali nditauza tauni yonse kuti Chanda ali ndi kamayi kuseri kwa phiri, n'chifukwa chake amabwerako ali thukuta. Mkazi wake nkhaniyo anaimva, n'kungoseka. Tsopano ndinadziwa chimene ankaseka.

Adokotala anatenga pepala lachiwiri, n'kuvula magalasi.

"Agogo, inu ndiye tikambirane. Ba Chanda atuluke kaye?"

"Sindituluka," anatero Chanda. "Wodzamuika ndine."

Nambala imene ananena sindinaimvetse, chifukwa si ya pa tepi, koma nkhope yawo ndinaimva. Ndinaimirira, n'kukoka lamba wanga kuti aone mabowo a msomali.

"Mwana wanga, tayang'anani bwino. Mafuta angakhale pati apa? Mwasokoneza timabotolo. Awo ndi magazi a uyu."

Sanakangane nane. Anati ndibwerenso sabata yamawa ndekha, botolo likhale limodzi, pasakhale losokoneza nalo.

Sabata imeneyo ndinaganiza zochapa magazi. Malangizo pakhonde sasowa. Wina anati mandimu m'madzi ofunda, wina anati adyo wosaphika, mwini sitolo anati masamba a nimu owiritsa. Ine, pofuna kuti ntchito iyende msanga, ndinaphatikiza zonse mumphika umodzi. Zimene zinachitika sindilemba mwatsatanetsatane, pali ana amawerenga. Ndingoti masiku atatu makina anga sanalire, ndipo njira yochokera pakhonde kupita kuseri kwa sitolo inamera mpita. Mayi wina anabwera kudzayezetsa diresi, ndinamusiya tepi ili m'khosi, manja ali m'mwamba. Pobwerera ndinapeza wapita nayo tepiyo. Makasitomala ena ankaima patali chifukwa cha adyo, n'kumandiponyera nsalu.

Kunyumba amake Dalitso, mkazi wanga, anangondiyang'ana.

"Atate ake Dalitso, mukuchapa magazi kapena mukufuna kutha? Mwatsala lamba yekha."

Ndinapita kukayezetsa kachiwiri ndili wopepuka ngati ulusi, mtima uli m'malo. Tsiku la zotsatira Chanda ndinamupeza ali kale pa benchi la chipatala, atavala buluku limene ndinamukulitsira ine.

Nambala inali yomweyo. Sinasunthe ngakhale theka la inchi.

"Agogo," anatero adokotala, "mafuta amene mumayeza ndi tepi ndi ena, awa ndi ena. Awa timawatcha kolesitolo, ndipo amayenda m'magazi. Alipo amene amasesa mitsempha, alipo amene amamatirira m'mbali mwake ngati dzimbiri m'paipi. Anu omatirira ndi amene achuluka. Njira ikamachepa, magazi opita kumtima amavutika kudutsa, ndipo tsiku lina imatha kutsekeka."

"Ndiye ikulitseni. Ine buluku likathina ndimalimasula."

"Mtsempha ulibe nsalu yotsala m'kati, agogo."

Chanda anatsokomola. Adokotala anandiyandikira n'kuyang'ana m'maso mwanga.

"Timabanga tachikasu tili pazikopeti munayamba nato liti?"

"Kalekale. Amayi ankati ndi chizindikiro cha mwayi. Atate analinso nato."

"Atate anu anamwalira bwanji?"

Ndinawauza. Anagwa m'munda khasu lili m'manja, asanamere imvi ngakhale imodzi. Anali woonda ngati ine. Tinati anawalodza a munda woyandikana chifukwa cha mkangano wa malire, ndipo banja limenelo tinaleka kupatsana nalo moni. Mkulu wanga nayenso anagwa pa njinga akuchokera kuchigayo, tinati ndi omwewo.

Adokotala anati sangaweruze za anthu amene sanawaone. Koma anati m'mabanja ena vutoli limayenda ndi mtundu: chiwindi sichichotsa bwino mafutawa m'magazi, kaya munthu ndi wonenepa kaya ndi woonda, ndipo nkhumba ya masana aliwonse imangothira nkhuni pamoto. Anandilembera mapiritsi a tsiku ndi tsiku, n'kunena kuti ana anga onse abwere adzayezetse.

Ndinayembekeza kuti Chanda aseka. Ndinali nditakonza kale yankho. Koma anangonditengera chipewa chimene ndinaiwala pampando, n'kundipatsa panja. Zinandipweteka kuposa kunyozedwa.

Ukwati unafika. Nkhumba yanga inaphedwa, fungo lake linafika mpaka kumsewu. Ine ndinavala jekete loyera la mkaka limene ndinasoka ndekha. Pa chakudya anandikhazika kutsogolo monga agogo a mkwatibwi, ndipo mbale inabwera monga ndinalamulira chaka chapitacho, nyama ya pamsana itaunjikana. Sindinaikhudze n'komwe. Dzanja lonenepa linachokera kumanzere n'kuikoka pang'onopang'ono, kuti amayi a tomato, amene anaitanidwanso, aone bwino. M'malo mwake linandikankhira nyemba, chibwabwa ndi kachidutswa ka nkhuku kosendedwa khungu, kooneka ngati kachita manyazi.

Chanda ananunkhiza nyama ija, n'kutseka maso, n'kuusa moyo. Kenako anaitana anyamata a kuchimuna n'kuwapatsa mbale yonse.

"Idya tsono," ndinatero. "Unapambana."

"Ine ndidye zimenezo? Ndatopa ndi moyo?"

"Nanga unandilandiranji?"

"Timabanga tako ndinationa kalekale. Mlongo wanga anali nato, tinamuika. Ndikanakuuza kuti kayezetse, ukanapita?"

"Ayi."

"Ndiye ndinadikira kuti pakamwa pako pakutengere komweko. Sindinadikire nthawi yaitali." Anatola nyemba yanga imodzi n'kudya. "Iwe ukatsogola, ine adzandinyoza ndani? Ana a masiku ano sadziwa kunyoza maliro, amangolira."

Apa munthu wanzeru akanagwetsa msozi, nkhani n'kuthera pabwino. Koma pali chimene sindinakuuzeni. Anthu asanakhale pansi, ndinali nditazungulira kuseri kumene amayi ankakazinga, monga mwini nkhumba wofuna kuona ngati ntchito ikuyenda. Kumeneko kachidutswa kena ka pamsana kanandiyang'ana. Ndinakakulunga m'pepala n'kukaika m'thumba la m'kati la jekete, kuti ndikatsanzikane nako bwino kunyumba.

Dzuwa la tsiku limenelo linali la mu Okutobala. Titatha kudya anatiimika pabwalo kuti tijambulitse, ine pakati, mkwatibwi kumanja, amake Dalitso kumanzere. Wojambula anachedwa, akukonza uyu, akusuntha uyo. Ndinamva kufunda pachifuwa, ndinati ndi chikondi cha pa mdzukulu wanga. Kenako ndinaona wojambula akutsitsa kamera, akuyang'ana jekete langa. Mafuta anali atatulukira kunja, banga lalikulu ngati chikhatho, kumanzere, pamtima penipeni.

Amake Dalitso anatembenukira kwa ine. Anapisa dzanja m'jekete mwanga pamaso pa akuchimuna onse, n'kutulutsa kaphukusi kaja, n'kukapereka kwa Chanda.

"Mbuya, katundu wanu uyu anatsalira."

Chanda anakakweza m'mwamba kuti a kumbuyo asadandaule.

Chithunzicho chili pakhoma kwa Tiyanjane. Anajambula china nditavula jekete, koma Tiyanjane anasankha kupachika choyambacho. Alendo akafunsa, amawauza kuti ndi mtima wa agogo ukutuluka thukuta.

Mapiritsi ndikumwa. M'mawa ndimayenda ndi Chanda kuseri kwa phiri, ndipo ndatsimikiza kuti kamayi kulibe, kuli mbuzi zokhazokha. Mwa ana anga asanu, awiri anawapeza ndi vuto lomweli, Dalitso ndi mng'ono wake, ndipo ayamba mankhwala akadali ndi mphamvu. Mwezi watha ndinakumana ndi mwana wa a munda woyandikana uja pa siteshoni, ndinamupatsa moni. Anatembenuka kuona ngati ndikulonjera wina.

Jekete lija amake Dalitso analichapa katatu, banga silinachoke. Nditawauza adokotala anati ndi mmenenso zilili m'mitsempha: zimene zinamatirira kale sizichoka zonse, chachikulu ndi kuleka kuthirapo zina. Ndawamva, ndipo ndaleka ndithu. Pano ndikusoka jekete lina la ukwati wa mdzukulu wachiwiri, lakuda. Thumba la m'kati ndaikamo pulasitiki.