Khoka la a Malunga ndi Galimoto Zitatu

Amene akuti ine ndimangodziwa kutafuna nzimbe pano pa depoti, chiwongolero sindinachigwirepo, aimirire ndimuone nkhope. Palibe? Ndiye tcherani khutu, anyamata inu, chifukwa chiyambire m'mawa mukungolira ngati achule, wina akuti galimoto yolimba ndi ya ku Japani, wina ya ku Mangalande, wina ya ku Falansa, chonsecho nonsenu munayesera pa tala. Galimoto sayesera pa tala. Ine ndinaziyesa zitatu zonsezo tsiku limodzi, pamchenga wa ku Nkhudzi, dzuwa lili paliwombo, anthu akuona, ndipo ngati ndikunama lilime langali lisanduke mlamba.

Masiku amenewo ndinali dalaivala wa Che Idi, mkulu wogula nsomba pa Mangochi pompano, amene anali ndi pikapu ya ku Falansa, ija ya giya wa pachiwongolero. Ntchito yanga inali kutenga chambo kumadooko n'kuthamanga nacho ku Zomba ndi ku Limbe chisanayambe fungo. Ku Nkhudzi ndinkapitako pafupipafupi, koma si chambo chokha chimene chinkandiitana. Kunali Esinati, mwana wa a Malunga, eni khoka lalikulu kuposa onse m'mbali imeneyo. Mtsikanayo ankandisekerera bwino ndithu, koma akwawo mitima inali kwa Filipo, mnyamata wobwera kuchokera ku Joni ndi nsapato zosongoka ndi pikapu yakeyake ya ku Japani. Filipoyo ine ankanditcha waganyu. Amalume ake a Esinati anandiuza pamaso kuti munthu sakwatira ndi makiyi a eni, ine n'kungovomera.

Tsono Loweruka lina ndikufika padooko ndinapeza mudzi wonse uli pamchenga, koma palibe woseka. Khoka la a Malunga linali litakodwa pansi pa nyanja. Amuna anali atakoka chiyambire m'mawa mpaka zikhato kusupuka, akazi anathandiza, ana anathandiza, olowa pansi pamadzi analowa n'kubwera akupukusa mitu kuti zingwe zikupita kumene mpweya wa munthu sufika. Khoka limenelo ndilo linali munda wawo, ndilo linali ng'ombe yawo, mabanja ambiri ankadyera pomwepo. Ndinawaona a Malunga atakhala tsonga pamchenga, mpeni uli m'manja, akufuna kudula zingwe kuti apulumutseko ngakhale zomwezo, Esinati ataima pambali pawo, manja ali kunkhongo.

Woyamba kudzitama anali Filipo. Anamangirira zingwe kumbuyo kwa ya ku Japani yake, ndipo apa ndisaname, galimoto imeneyo kulira sumaipempha kawiri, umangoionetsa kiyi iyo yalira kale, petulo simwa koma kungonunkhiza ngati munthu wosala, ndipo chiwongolero chake n'chopepuka moti ukhoza kukhota ndi chala chimodzi kwinaku ukusenda nthochi. Koma kumbuyo n'kopepukanso. Filipo ataponda moto matayala anangozungulira pamodzimodzi, mchenga n'kuuluka kukwirira mathandala a usipa, mbuzi ziwiri, ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa amene tinachita kumufukula ndi nkhafi. Khoka silinasunthe.

Mwamwayi tsiku limenelo kunali wansembe wokalamba wa ku mishoni amene anabwera kudzaona odwala, ali ndi ya ku Mangalande ija yonga bokosi, yokoka ndi matayala onse anayi. Iwo anati msana wawo sulola, nandipatsa makiyi. Abale, galimoto imeneyo ndi njovu. Ukaiika giya wamng'ono imayenda ngati nkhono koma ikhoza kukwera mlambe n'kutsikira mbali inayo osafunsa. Kungoti kukhalamo ndi chilango: mpando uli ngati mphero, chiwongolero umachita kulimbana nacho ngati ng'ombe yokana goli, ndipo ukatsikamo impso zimakhala zitasinthana malo. Ndinaponda moto, iyo inabangula, inakumba, inalowa mumchenga mpaka m'mawindo ikukokabe, ine ndikuona nkhanu zikudutsa pagalasi, koma khoka linangoti gwedee pang'ono n'kukhalanso.

Ndinayesa ya Che Idi payokha. Imeneyo ndiye inali mkazi wanga woyamba, ndinkaidziwa mpaka kutsokomola kwake. Ya ku Falansa pamsewu wa mabampu imayenda ngati bwato pamadzi odekha, ukaisenzetsa katundu ndi pamene imakondwa, ndipo ukaimenya chaka ndi chaka imangoti zikomo. Inakoka mwaulemu, zingwe zinati nga, koma nayonso payokha inalephera. Apo a Malunga anaika mpeni pachingwe.

Ndinawagwira dzanja. Ndinati, "Bambo, mundipatse mpata umodzi wokha. Likakanika, mpeniwo mudulire ine."

Mukumva? Ndinazimanga zitatu zonse mondondozana. Ya ku Mangalande kufupi ndi madzi chifukwa ndiyo yodziwa kuluma nthaka, ya ku Falansa pakati chifukwa ndiyo yopirira kukokedwa uku ndi uku, ya ku Japani kutsogolo chifukwa singazime ngakhale dziko litatembenuka. Filipo anakana kuyendetsa yake, ati sangalamulidwe ndi waganyu, wansembe msana, Che Idi anali ku Mangochi, ndiye ndinati basi, ndiyendetsa ndekha. Ndinakhala mu ya pakati, phazi lamanja pamoto, nsungwi yaitali kukhwapa yotulukira pawindo kukaponda moto wa ya kumbuyo, ina yomangirira kubondo lamanzere kukaponda wa ya kutsogolo, chingwe cha mbedza m'mano chowongolera ya ku Japani, china kukhutu chowongolera ya wansembe, ndipo manja onse awiri anatsala opanda ntchito moti ndinapichira fodya.

Nditaponda zitatu zonse nthawi imodzi, zingwe zija zinayamba kulira ngati bangwe, kulira kokoma moti amayi a ku Nkopola anasiya kuchapa n'kuyamba kuvina osadziwa kuti ng'oma ili kuti, mchenga unatentha n'kusanduka galasi pansi pa matayala, utsi unakwera n'kupanga mtambo umene unakagwetsa mvula ku Namwera mwezi wa Okutobala, ndipo nyanja, nyanja yeniyeniyo, inapendekeka ngati madzi a m'beseni munthu akalinyamula mbali imodzi, moti anzathu a kutsidya ku Malindi anaona madzi akuwathawa, n'kumangotola kampango pamatope ndi manja. Mukumva? Ine ndili phee pampando wa ya ku Falansa, osagwedezeka ngakhale pang'ono, phulusa la fodya wanga osagwa.

Kenaka ndinamva kuti thu! pansi penipeni, ngati dzino lazuka, ndipo zonse zinayamba kuyenda. Khoka linatulukira. Munali chambo, abale, chambo chankhaninkhani chothinana mpaka china chinkapempha kuti tichiwotche msanga chipume, munali utaka, munali bombe wamkulu ngati chitseko cha tchalitchi, munali ng'ona itagwira mchira wake ndi mantha, munali mvuu itavala ukonde kumutu ngati mkwatibwi. Anthu anayamba nthungululu, koma mwadzidzidzi nthungululu zija zinazima, chifukwa kumbuyo kwa khoka kunkabwera mthunzi. Nditayang'ana pagalasi ndinaona miyala yoyera ndi zitosi, mitengo, mbalame zili m'zisa zake zikungoyang'ana uku ndi uku. Chinali chilumba cha Boadzulu. Khoka linali litakola muzu wake, ine n'kuchizula, ndipo chinkabwera chikung'amba madzi ngati sitima mpaka chinadzagunda pamchenga pafupi ndi bwato la a Malunga, n'kuima.

Tsono mverani za kulimba, poti ndi zimene mumakanganira. Ya ku Japani inatuluka itatalika ngati lole chifukwa cha kukokedwa, koma Filipo atangoigwira kiyi inalira ngati palibe chachitika, ndipo petulo anali atawonjezekera. Ya ku Mangalande inataya zitseko, denga ndi tayala limodzi, koma sinadziwe n'komwe, wansembe anapita nayo kwawo choncho, ndipo ndikumva ikuyendabe. Ya ku Falansa inangotuluka thukuta paboneti, ine n'kuipukuta ndi mpango.

Nsomba tinagawa mudzi wonse ndi midzi yoyandikana, zina tinachita kuzipempha kuti zibwerere m'madzi. A Malunga anayendera khoka lawo diso ndi diso, napeza kuti silinang'ambike, nabwera kudzandigwira chanza ndi manja awiri. Filipo anatsegula chitseko cha galimoto yake yotalika ija kuti Esinati akwere amuperekeze kunyumba. Esinati anali ndi ndowa ya madzi pamutu. Anayang'ana ya Filipo, anayang'ana ya ine, nakwera kumbuyo kwa ya ku Falansa, chiimirire, ndowa ili pamutu, ndipo ndinamuyendetsa njira yonse ya mabampu mpaka pakhomo pa amayi ake osatayika ngakhale dontho.

Amalume aja anali pakhonde. Esinati anatula ndowa pamaso pawo nati, "Amalume, makiyi ndi a eni, koma manjawa ndi ake."

Esinatiyo ndi mayi omwe aja mumawaona akundibweretsera mbatata masana pano. Tikukalamba limodzi, adzukulu ali bwalo lonse, ndipo sitinagonepo ndi njala. Ndiye mukandifunsa kuti yabwino ndi iti, ndikuuzani mosabisa. Ukafuna yoti isakuchititse manyazi m'mawa, tenga ya ku Japani. Ukafuna yokafika kumene kulibe msewu, ndipo impso zako uli nazo zapadera, tenga ya ku Mangalande. Koma ukafuna kufika uli munthu, ndi mkazi kumbuyo, ya ku Falansa.

Za chilumba mukufunsa? Dikirani, ndikufika. Tisanamalize n'komwe kugawa nsomba anatulukira tcheyamani wa chipani wa dera limenelo, baji ili pachifuwa, nafunsa kuti ndani wasuntha chilumba cha boma popanda chilolezo. Anthu onse maso pansi, poti mukudziwa kuti nkhani zotere munthu umapita osatsanzika. Ine ndinavula chipewa n'kunena kuti, "Bwana, sitinachikoke ife. Chamva kuti kuno kukugulitsidwa makhadi a chipani, ndiye chabwera chokha kudzagula lake."

Tcheyamani anaganiza, nagwedeza mutu, nati chilumba chimenechi n'chomvera, koma mbalamezo zachuluka, makhadi sakwana, ndichibweze kwawo msanga. Ndinatembenuza ya ku Falansa, kuika matayala akale pakati kuti ndisachipweteke, kulowetsa livesi, n'kuchikankha pang'onopang'ono, madzi ali m'khosi, ndikuyang'ana pagalasi, mpaka ndinamva muzu uja walowa m'dzenje lake kuti tswii.

Amene akukayika akwere basi mawa apite akaone yekha. Ndinachibweza pamalo pake penipeni, osaphonya ngakhale chala, moti aliyense wochiona lero amalumbira kuti sichinasunthepo chilengedwere. Tsono umboni woposa pamenepa mukuufuna wotani?