Tsiku Lomwe Ndinagwaditsa Mvuu m'Dimba

Amene akufuna kuseka asekeretu panopa, chifukwa ndikayamba kulankhula sindilola phokoso. Ine ndinaphunzira ku mishoni, kumene mwana wonama ankamugwaditsa pamiyala, ndipo ndinapuma ntchito ndili hedimasitala. Bodza sindilidziwa. Ndikati ndinagwaditsa mvuu, ndiye kuti inagwada.

Nditapuma ntchito ndinapeza dimba m'mbali mwa Shire, cha kwa Mponda. Chimanga cha m'dimbamo ndicho chinkatisunga ine ndi akazi anga aNambewe nkhokwe ikatha, ndipo chaka chimene ndikunenachi mvula inali itatikana kumunda wa kumtunda, moti dimbalo likanalephera tikanagona ndi njala. Wochita naye malire anali Che Saidi, munthu amene poyamba ndinkamuona ngati chilango changa. Ankavala jombo phazi limodzi, linalo patapata, ati phazi lakumanzere silimva minga. Njinga ankaikankha osakwera, ati nayonso imatopa. Mizere yake inkapita kumene khasu lafuna. Koma chimene chinkandipweteka mutu ndi kanjira kokhotakhota kochokera kumtsinje, kodutsa pakati pa dimba lake n'kulowa m'langa. Iye sankadzalamo kanthu. Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti ankakasesa, n'kuyang'ana kumadzi, n'kupereka moni kwa Che Ndomondo, ndiye kuti mvuu m'Chiyao chawocho.

Ine kanjirako ndinakalima. Ndinatenga chingwe ndi zikhomo n'kudula mizere yowongoka kwambiri moti oyendetsa ndege ankaitsatira popita ku Blantyre, ndipo akhwangwala akamadutsa pamwamba ankasiya kuuluka mwachisawawa n'kundanda awiriawiri. Kenako ndinamanga mpanda wabango kutseka pamene kanjirako kankalowera kwanga. Che Saidi anauyang'ana nthawi yaitali, atatsamira njinga yake.

"Ahedi, mpandawu ndi wokongola," anatero, "koma mwini njira mwamufunsa?"

Ndinamuyankha kuti nyama zili ngati ana asukulu, zimamva ngati wina walimba mtima.

Mvuuyo inabwera chimanga chitayamba kumasula, dzuwa lili pamutu, osabisala n'komwe. Mukumva? Itangovuuka, madzi a mu Shire anatsika mpaka mabwato a pamlatho anakhala pamchenga, amayi n'kumatola chambo ndi manja, ndipo pamene mutu wake unkathyola mpanda wanga mchira unali usanatuluke m'madzi, ndipo itayasamula ndinaona mkati muli bwato lathunthu, nkhafi ziwiri ndi ukonde woyanikidwa bwinobwino pamano. Inayamba kudya mzere woyamba. Zimenezo ndikanapirira. Koma kenako inalumpha wachiwiri ndi wachitatu n'kukayamba wachinayi, ndipo chisokonezo chotero sindinachilolepo pamoyo wanga.

Ndinatulutsa wezulo yanga ya kusukulu, imene sindiisiya, n'kuiimba kamodzi. Ana a ku Chembe anathamangira pamzere ngakhale linali Loweruka, akabaza onse a paboma anaima n'kutsika panjinga, ndipo mvuuyo inasiya kutafuna. Ndinaigwira khutu, mukumva, khutu lakumanja, n'kuifunsa kuti ndani anaipatsa chilolezo. Ndinaiuza kuti igwade, ndipo itagwada nthaka inagwedezeka mpaka mabelu a matchalitchi a ku Mangochi analira okha, ndipo ndinailamula kuti ikonze zimene inawononga, iyo n'kumayenda motsatira chingwe, phazi lililonse phando limodzi, ine pambuyo n'kumaponya mbewu, ndipo chimangacho poona mmene ndinakwiyira chinamera nthawi yomweyo, kufika m'chiuno tisanamalize mzere, moti aNambewe pobwera ndi madzi akumwa anathyola dowe n'kukawotcha.

Popeza ndine munthu wachilungamo, ndinene kuti Che Saidi anathandizako pang'ono. Anafika akukankha njinga, osafulumira. Anavula chisoti, anazula zotsala za mpanda wanga, anadzula chimanga chonse chimene ndinadzala m'kanjira kaja, n'kuima pambali. Analankhula mawu ochepa m'Chiyao, mofatsa ngati akulonjera apongozi ake. Mvuu inadzuka, inalowa m'kanjirako, inakhota pamene kanakhota, n'kupita kukadya msipu kuseri kwa madimba, osapondanso phesi ngakhale limodzi. Iye anandiuza kuti amayi ake a mvuuyo ankadutsa pomwepo, agogo akenso pomwepo, dimba lisanakhale la munthu, ndipo ikapeza njira yotseka imasokonezeka n'kudya paliponse.

Theka la dimba linapulumuka. Pokolola, Che Saidi anakweza matumba panjinga imene iye mwini saikwera, n'kudzawatsitsa pakhomo pathu, ati chaka chino mizere yake yokhota yabereka mopitirira. Chimanga chimenecho ndicho chinatifikitsa ku masika. Sananditchulirepo za mpanda mpaka lero.

Ine ndinaphunzitsa anthu ambiri, koma amene anandiphunzitsa ndili ndi imvi ndi munthu wovala nsapato zosiyana. Ndinkayesa kuti dongosolo ndi chingwe changa chokha, osadziwa kuti mvuu ili ndi lake, losasintha kuposa belu la kumishoni, ndipo Che Saidi ankalisunga pamene ine ndinkamutcha wachisawawa. Tsopano kanjirako kamadutsa m'dimba langa mosatsekeka. Ndinakayeza ndi chingwe n'kukhoma zikhomo m'mbali, kuti kakhote mwadongosolo. Lachisanu iye amasesa mbali yake, ine yanga Loweruka. Moni kwa Che Ndomondo sindinayambe kupereka, ndimangogwedeza mutu.

Koma za kugwada zija musakayike. ANambewe amauza anthu kutchalitchi kuti mvuuyo inangoweramira dzungu. Iwo akanaona bwanji, ali kutali kuseri kwa bango? Amene anaona zonse bwinobwino, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndine, chifukwa ndinali pansonga penipeni pa mtengo wa mango, ndipo Che Saidi ndi mboni, popeza ndi amene ananditsitsa.