Dengu la Amasiye

Ndinawadziwa tsiku limene anandinyoza osadziwa. Panali patatha milungu itatu mwamuna wanga atamwalira, ndipo ndinalowa m'sitolo yawo ya ndiwo zamasamba ndi zipatso kufuna tomato wotchipa. Mwadzidzidzi mawu a eni sitoloyo anaphulika kumbuyo kwanga.

"Amasiye theka la mtengo! Atenge ndani amasiye asanaole?"

Akazi awo anawatsina mkono.

"Bambo, mayiwa ndi ofedwa aja."

"Ayi mayi, sindikunena inu! Inu muli bwinobwino, simunafewe paliponse!"

Amasiye anali tomato wotsala dzulo, wofewa mbali imodzi, amene ankamuika m'dengu pafupi ndi khomo. Ndi manyazi, bambowo anandipatsa dengu lonse. Ine, manyazi kuposa iwo, ndinakhala pansi n'kuyamba kusankhamo wabwino kuti ndiwabwezere. Anayang'ana manja anga kwa kanthawi, kenaka anati, "Mawa mulawire." Ndi mmene ndinapezera ntchito.

Anthu ankawatcha a Osafinya. Wogula akangodina peyala ndi chala, ankakuwa "Osafinya!" mpaka agalu a tsidya la msewu kuyankha. Tsiku lina anafinya mphuno ya mphunzitsi wovala tayi n'kumufunsa, "Mwamva kukoma? Nalonso peyalali limamva choncho."

Ankati bizinesiyo anaiyamba ndi wilibala yopanda tayala ndi kabichi atatu. Akazi awo ankati tayala linalipo, koma kabichi anali awiri. Mmene ine ndinkafika, mwana wawo wamwamuna ndiye ankapita ndi lole kwa alimi, wamkazi anali pasikelo, mayi pamashelefu. Ine ndinkakhala pakona n'kumasankha katundu patatu: wa lero, wa mawa, ndi amasiye.

Wa loleyo dengu lija ankadana nalo. Ndinamumva ndili kuseri kwa makireti.

"Adadi, masiku ano zonse amamanga m'mapulasitiki. Denguli likutichititsa manyazi. Ndi mayiwa, ntchito yawo ndi chiyani kwenikweni?"

"Ndikafa udzachite."

Anamwaliradi, atangodwala miyendo miyezi iwiri. Dengu linaponyedwa kuchipinda chosungira katundu. Ine ndinauzidwa mwaulemu kuti mwezi ukatha ndipume. Ndili ndi ana awiri pasukulu, koma ndinangoti zikomo.

M'sitolo munagwa bata loipa. Anthu ankafinya mmene afunira, mapeyala n'kumada ndi zidindo za zala. Ena ankadina, n'kudikira kukalipiridwa, n'kutuluka osagula.

Sabata yatha kunabwera bambo wina wa chipewa. Anayamba kuboola mapapaya ndi chala chachikulu, limodzi limodzi. Pofika lachinayi, ine amene ngakhale ana anga sindiwakwezera mawu, ndinangomva pakhosi panga patseguka.

"Osafinya!"

Papaya linagwa pansi n'kuphulika. Agalu aja anayankha. Wa pasikelo anayamba kuseka, kuseka kwake n'kusanduka kulira. Mayi ake anapita kuchipinda chija, anabwera ndi dengu, analikuntha fumbi n'kuliika pakhomo. Kenaka anatembenukira mwana wawo wamwamuna uja.

"Mwana wanga, amasiye muno tilimo awiri tsopano. Uyamba kutaya uti?"

Iye anatola makiyi a lole n'kutuluka. Mwezi unatha dzana, ndipo za kupuma zija sanazitchulenso.

Komabe sitolo sinabwerere mwakale. Kireti imene a Osafinya ankakhalira masiku omaliza, miyendo itatupa, idakali pambali pa anyezi, ndipo tonse timailambalala. Pamenepo mpamene anandiitanira tsiku lawo lomaliza kubwera kuntchito, mawu atatsala pang'ono ngati a mwana.

"Mayi, maso muli nawo, koma pakamwa mumasiya kunyumba. Ndikachoka mudzandikuwireko kamodzi kokha. Kumene ndikupitako n'kutali, ndiye mudzakweze."