Nkhope ya Apongozi pa Khoma la a Burashi

A Burashi, aneba anga olemba zikwangwani aja, ankadziwa kujambula nkhope imodzi yokha: ya apongozi awo aakazi. Muwatume chikwangwani cha ometa tsitsi, pabwera apongozi atameta. Cha ogulitsa nyama, apongozi atagwira chikwanje. Mpata wa m'mano womwewo, diso lokayikira lomwelo. Chonsecho awiriwo sankamwerana madzi. Nyumba zathu n'zogundizana, ndinkamva zonse.

Ndiye inafika nthawi ija ophunzira ankaguba kufuna chisankho, boma n'kumawatola ngati nkhuku. Tonse tinatseka pakamwa, ndi ine ndemwe, tangoganizani. A Burashi anasowa pokhala. Ankangozungulira pabwalo, kutsegula chitini cha penti, kutseka, kutsegulanso. Tsiku lina pochokera kumsika ndinapeza khoma lawo loyang'ana kumsewu ladzaza: anthu khumi ndi awiri, manja omangidwa ali m'mwamba, ndendende ana omwe anatengedwa sabata imeneyo. Onsewo nkhope ya apongozi. Wina mpaka ndevu.

Apolisi anapaka laimu. Mawa lake a Burashi anawathokoza powayeretsera khoma, n'kujambulapo khumi ndi asanu. Awa apaka, awa ajambula. Ulendo wachinayi apolisi anabwera ndi unyolo. Mkulu wawo anati awa ndi akaidi a boma, ndipo wowajambula akawapeza komweko. Komwekotu anthu sankabwerako.

A Burashi anati n'chithunzi cha pabanja chabe. Mkuluyo analamula kuti apongoziwo aitanidwe. Ine mtima unali m'mwamba, poti dzulo lake lomwelo ndinawamva mayiwo akuti mwana wawo anakwatiwa ndi chitini cha penti.

Mayiwo anafika, nayang'ana khomalo nthawi yaitali.

"Mayi, awa ndani?" anafunsa wapolisiyo.

"Ndine."

"Onsewa?"

"Onse. Wandevuyo ndine ndisanasambe. Ngati ukumanga, yamba ndi ine, mwanawe."

Unyolo unabwerera m'thumba. Apolisi atangokhota, mayiwo anatembenukira mkamwini wawo n'kumukalipira kuti mphuno waikulitsa dala.

A Burashi anatisiya chaka chatha, chifuwa. Khoma apolisi analipakanso laimu maliro asanathe n'komwe, ndipo palibe wayerekeza kujambulapo. Msewu wathu wangoti zii, ine ndikusowa ndi chomvetsera chomwe. Koma m'mawa uliwonse mayiwo amakoka mpando n'kukhala patsinde pa khoma loyeralo, mpata wa m'mano uli poyera, diso lija lili pamsewu. Odutsa amachepetsa liwiro. Apolisi akafika ndi ndowa yawo ya laimu, amayang'ana kumbali n'kupitirira.