Zitini Zinayi za ku Samanga

Lolemba
Magalasi atsopano ochokera ku kiliniki. Ndikuwerenga chilichonse: kalendala, thumba la feteleza, kenako katoni ya pansi pa bedi.

Loweruka tikukapereka roora, malowolo a kuno, ku Samanga, komwe Tendai, mwana wa mlongo wanga, akukwatira. Kwathu ku Mulanje mkazi satengedwa ndi golosale, koma kuno akuchikazi amalemba mndandanda. Ine, monga malume, ndinagula zonse ku Hauna miyezi iwiri yapitayo, pa shelefu yotchipa, n'kudzitama.

Mpunga, bwino. Shuga, bwino. Majarini, anatha nthawi chaka chatha. Nsomba za m'chitini, mndandanda ukufuna zinayi, ine ndinagula zisanu, zonse zinatha nthawi Tendai asanayambe n'komwe chibwenzi.

Akuchikaziwo amatitcha kale obwera. Akadwala ndi katundu wathu, ukwati watha. Mawa ndikasintha zonse.

Lachiwiri
Ku Hauna. Mwini sitolo sakundiyang'ana n'komwe. "Sekuru, risiti iripi?" akufunsa m'chinenero cha kuno. Risiti tinayatsira moto kalekale. Pa shelefu zitini zomwezo zili ndandanda, kapepala ka mtengo atakamata pamwamba penipeni pa deti. Ndikukanda kamodzi ndi chikhadabo. Akunditulutsa.

Lachitatu
Sitolo ina, majarini wina. Magalasi ndawaiwala pa windo. Kufika kunyumba, kuvala, kuwerenga: nayenso anatha, mwezi watha. Mayi akunyumba akuti, "Musanavale magalasi amenewa tinkadya bwinobwino." Malipiro ndi sabata yamawa, zitini sizisinthika.

Lachinayi
Nzeru yatsopano: kuyesa chitini chachisanu pa ine ndemwe. Chikutseguka ndi kaphokoso, fuuu. Kukoma kulipo ndithu.

Masana m'munda wa tiyi mimba ikuyamba kulankhula. Dengu pansi, liwiro. Tiyi amalekeza m'chiuno, sabisa munthu wa msinkhu wanga. Kapitawo akufunsa ngati ndikupemphera. Maulendo asanu.

Lachisanu
Tendai akuti, "Malume, ingofufutani deti ndi parafini, hapana anoona, palibe aone." Ndikumukalipira kuti ndife anthu opemphera. Iye atachoka ndikuyesa pa majarini. Deti ilipobe, majarini akununkha ngati nyali. Tendai wagula wina wabwino.

Zitini zatsala. Kuzisiya, mndandanda uperewera, atibweza pakhomo. Kuzitenga, mtima sukundilola. Ndazilowetsa m'katoni, ndazitulutsa, ndazilowetsanso. Ndikuchita mantha, ndivomere.

Loweruka
Ku Samanga. Nsapato panja, tikhala pansi, kuwomba m'manja mpaka zikhato kuwawa. Tete, azakhali a mtsikana, mphunzitsi wopuma, akuitana mndandanda ngati mayina a m'kalasi. Akunyamula chitini, akuchitembenuza. Akuchiika pansi. Zonse zakwana!

Kenako akulamula kuti zitini zonse zinayi zitsegulidwe, alendo alawe zimene abweretsa. Mbale imodzi yaikulu pakati pa ine, Tendai ndi bambo a mtsikana, nkhalamba yoyendera ndodo. Tete akuti, "Idyai, vakuwasha," ndiye kuti idyani, akamwini.

Nkhalamba ikusamba m'manja pang'onopang'ono. Ine sindidikira. Mbale ndaikokera kwanga. Nsomba, msuzi, minga, zonse, mpaka kupukuta ndi chala. Nkhalamba ikudyera masamba. Tendai akuyang'ana denga.

Kombi yobwerera yaima katatu chifukwa cha ine.

Lamulungu
Kutchalitchi sindinapite. Ndagona pa mkeka pafupi ndi khomo, njira ya kuchimbudzi ili poyera. Mayi akunyumba akusungunula mchere ndi shuga m'madzi, shuga wake sindikufunsa kuti ndi wa liti.

Tendai wabwera ndi uthenga wa ku Samanga. Onse ali bwino, mkazi atipatsa. Koma Tete akuti pa tsiku la ukwati malume aja adzawaikire mbale yawoyawo, kuseri kwa nyumba, ana asaone kadyedwe kawo.

Ndavomera.