Mthuthuthu Wanga ndi Ulendo wa Apongozi

Lolemba

Apongozi anga akubwerera kwawo ku Dedza. Zaka makumi anayi akulima fodya wa azungu, tsopano ati mafupa akagone kumudzi. Lamulungu likubwerali, faifi koloko madzulo, lole ya papulazi pawo iwatengera ku Harare kukakwera basi. Akapita apita. Mkazi wanga, amake Esinati, ayenera kukatsanzikana ndi bambo awo, apo ayi sadzawaonanso ndi maso.

Pulazi lawo lili kuseri kwa Mvurwi, ndipo Lamulungu basi sidutsa kuno. Chilipo ndi mthuthuthu wanga, umene mzungu wakale anandisiyira pochoka, dziko litangolandira ufulu. Wokalamba, wakuda, koma sunandigonekepo panjira. Vuto ndi msana wa amake Esinati. Atakwera komaliza anagona masiku awiri osadzuka.

Ndiye ndabwerako kutauni ndi katundu:
mashoku awiri onyezimira, ofewetsa mabampu
paipi ya utsi yasiliva
kabuleta yaikulu, yomwetsa injini petulo
siponji ndi chikopa cha chishalo
penti yofiira, kuti apongozi andione ndikadali kutali

Wamshopu, Mshona wa pakamwa potsekemera: "Mudhara, ichi chinomhanya semhepo!" Ati njingayi idzathamanga ngati mphepo.

Che Bwanali, makaniko wa mathirakitala pano: "Achimwene, chinthu chikuyenda. Mangirani pilo pachishalo basi."

Pilo! Ine foromani wa mabalani onse owotchera fodya, ndikafike kwa apongozi ndi pilo!

Zakale zonse ndamasula, ndagawira anthu mkomboni. Mulungu wandipatsa zatsopano, nane ndipatseko ena.

Lachiwiri

Mashoku alowa. Paipi yalowa. Kukongola kwake!

Koma mashoku ndi atali. Mthuthuthu wakula ngati ng'ombe. Ndikakhala pamwamba, zala zakuphazi zikungopapasa mphepo. Ndikuyesa paulendo wa kugeti, ndakhalira saka lopinda poti chishalo sichinathe. Kuyenda ikuyenda. Kuima ndiye nkhani. Ndafika pageti, ndatambasula mwendo, pansi palibe. Phii! M'matope, pamaso pa amayi onse osankha fodya.

Mmodzi: "Pepani a foromani, mwagwa bwino."

Paipi nayo ikulira ngati mfuti. Ng'ombe za m'khola zathyola mpanda, nkhuku za amake Esinati zagona mumtengo.

Ndikuthokoza mwendo sunathyoke. Matope achino chaka ndi ofewa, mvula yatichitira chifundo.

Lachitatu

Kabuleta yalowa. Che Bwanali angoyang'ana, akutafuna kaudzu.

Wamshopu sananame. Mphepo yeniyeni! Chimene sananene nchakuti makina awa sadziwa kuyenda pang'onopang'ono. Ukachepetsa moto azima, ukawonjezera aulukira kutsogolo ngati galu womasulidwa. Zimene ndadutsamo lero osafuna:
chingwe cha zovala cha mai busa
munda wa chimanga wa mlonda, mizere isanu
pakati pa anthu awiri amene amakangana

Awiriwo asiya mkangano, akuseka ine. Nachonso ndi chabwino.

Petulo ikumwa ngati munthu wochokera kumaliro.

Amake Esinati akusoka thumba la mtedza wa bambo awo wa panjira. Osakweza mutu: "Abambo a Esinati, Lamulungu tidzafika?"

Ndayankha kuti tidzafika kadzutsa asanaphikidwe. Angopitiriza kusoka.

Masana ndapaka thanki penti, ndamata siponji pachishalo ndi guluu. Mvula yayamba.

Lachinayi

Mvula, mvula, mvula. Penti ikumata zala. Guluu sakugwira.

Nzeru yabwera ndili pantchito. Balani nambala folo tatulutsamo fodya m'mawa uno, mapaipi ake akadali otentha. Ine ndawotcha fodya zaka khumi ndi zisanu. Tsamba ndimalidziwa pongoligwira, kutentha ndimakumva ndi tsaya. Chingandivute nchiyani kuumitsa thanki imodzi ndi chishalo chimodzi?

Thanki ndaitsuka bwinobwino ndi sopo, sindine wamisala. Ndapachika zonse pamitengo ya fodya, ndatseka chitseko. Ndaponya nkhuni zitatu m'ng'anjo. Kenaka zina ziwiri, monga timachitira poumitsa mitsempha ya tsamba. Dzanja linazolowera.

Siponji si fodya.

Potsegula: chishalo chafota, chapindika, chatsala ngati chitumbuwa chopserera. Penti yatupa matuza thupi lonse. Kampira ka pampopi wa petulo kasungunuka. Fungo lake ntchentche zikubwerera pakhomo.

Che Bwanali anunkhiza ali kugalaja, abwera chothamanga, atsegula mazenera onse. "Alhamdulillah munalibe fodya umu."

Amen, Che Bwanali, amen! Mukadakhala fodya, bwenzi nane ndikukwera lole ya ku Dedza.

Kunyumba sindinanene. Fungo lanena lokha.

Lachisanu

Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pusiyo ndi ine. Zakale zibwerere.

Ndaiwala chimodzi: mkomboni chitsulo sichigona ulova. Ndikuyenda khomo ndi khomo, chipewa m'manja, kupempha zimene ndinapereka ndekha ndi matama.

Chishalo chakale: a Zuze ometa tsitsi achikhomera pachitsa, chasanduka mpando wa makasitomala. Misomali isanu ndi umodzi yapyoza pakati.

Mashoku: limodzi ndalipeza likutsekera chitseko cha khola la nkhumba. Lina lapita ku Chinhoyi ndi mlendo wa munthu.

Kabuleta yakale: yamasulidwa, tizitsulo take ndi tolemetsa mbedza kudamu.

Paipi ya utsi: ili kuseri kwa nthochi kwa mai Nangozo, ikutchezera kachasu! Ati sanaonepo paipi yodontha bwino chotere. "Dikirani mphika uthe, a foromani. Kapena mulawe kaye?"

Ndadikira. Sindinalawe.

Che Bwanali apita kumzikiti ku Mvurwi, ndilibe wondigwirira sipanala. Ndakhala pakhonde ndi zitsulo zanga, manyazi ali tho. Amake Esinati adutsa ndi madzi. Ndimayembekeza mawu olasa, ndiwo ndikanapepukidwa nawo. Iwo: "Bambo anga ankandinyamula pakhosi popita kumunda."

Basi, alowa m'nyumba. Zandipweteka kuposa kugwa kwa pageti.

Loweruka

Che Bwanali afika mbandakucha ndi bokosi lawo, tsiku lawo lopuma. Mawu oti "ndinakuuzani" sanatuluke ngakhale kamodzi. Munthu uyu Mulungu amusunge.

Mmene mthuthuthu ulili tsopano:
shoku lakale kumanzere, latsopano kumanja, ndiye wapendekeka ngati woledzera
paipi yakale, ikununkha kachasu ikatentha
kabuleta yatsopano, Che Bwanali aitsina pakhosi ndi waya
pampopi wa petulo, kachidutswa ka chubu ya njinga
thanki ya matuza, ngati yadwala nthomba

Chishalo asoka amake Esinati okha: saka la fodya, mkati nsanza ndi thonje la pilo wathu.

Ndayesa kuzungulira komboni kawiri. Ikuyenda! Ikutsokomola, koma ikuyenda. Mai Nangozo aimirira panjira, akuombera paipi yawo m'manja. A Zuze abweretsa botolo la petulo osapemphedwa. Mlonda uja wa chimanga wabweretsa mondokwa zinayi, ati za apongozi.

Anthu awa ndawasokoneza sabata yonse.

Che Bwanali potsanzika: "Mukamva yatentha, imani, ipume. Musaikakamize."

Lamulungu

Tanyamuka dzuwa likutuluka. Amake Esinati kumbuyo, thumba la mtedza pamiyendo. Tikuyenda chopendekeka, tikuima, ikupuma, tikuyendanso.

Pachitunda cha kuseri kwa mlatho ndaikakamiza. Ndinawona dzuwa likukwera, ndinachita mantha. Yalira kamodzi, yazima. Ndaponda, ndapondanso mpaka thukuta m'maso. Zii.

Ndaikankha mpaka pasitolo ya pulazi lina, ndaisiya pansi pa mtengo wa mabulosi. Amake Esinati avula nsapato, asenza thumba pamutu, ayamba kuyenda. Ndawalanda thumbalo. Msewu wonse galimoto ayi, thirakitala ayi. Akuima, agwira msana, akuyendanso. Osadandaula, osandiyang'ana.

Tafika fili koloko.

Apongozi ali pampando m'mbali mwa msewu, jekete yakutchalitchi, sutukesi pambali. Ati akhala pamenepo chiyambire m'mawa. Ndagwada patali, ndayamba kufotokoza za kabuleta. Andidula: "Mkamwini, mwandibweretsera mwana. Zikomo."

Amake Esinati akhala pansi pafupi ndi mapazi a bambo awo. Akuwamangira zingwe za nsapato zimene zinali zomanga kale. Akuyankhulana motsitsa, mayina a anthu akumudzi amene ine sindiwadziwa. Aseka. Alira. Asekanso. Ine ndili poteropo ndi mondokwa za mlonda, ndikusunga nthawi pa wotchi ngati ndingaigwire.

Faifi koloko lole yabwera, yawatenga.

Tigona kuno kwa alamu anga a papulazi pano, mawa thirakitala ya mkaka itisiya panjira. Mthuthuthu ukhale kaye kumabulosi, sindikuufulumirira.

Ndikadausiya monga unalili, mkazi wanga akadakhala ndi bambo ake tsiku lathunthu. Wakhala nawo maola awiri. Enawo ndadya ndine, ndipo sindidzatha kuwabweza. Koma maola awiriwo tawapeza, Ambuye, ndipo ndikuthokoza.