Tsiku Limene Ndinalanda Apongozi Kamtengo

Nkhani iyi Yotamu, mwamuna wanga, amaikamba paliponse pamene pali anthu, ndipo amaiwonjezera. Ndiye ndaona kuti kuli bwino manyazi anga ndiwaulule ndekha.

Kutatsala mwezi umodzi kuti tikwatirane, ananditenga kukacheza kwa makolo ake ku Garneton, ku Kitwe. Ndisananyamuke kwathu ku Twapia, ku Ndola, azakhali anga anandikhazika pansi n'kundipatsa malamulo awiri. Loyamba, apongozi aamuna osawayang'ana kumaso. Lachiwiri, akakuuza kuti usankhe chinthu, tenga chaching'ono, chonyozeka, asakuone ngati wadyera. Ine wamanyazi kale, malamulo amenewa sanandivute n'komwe.

Anatilandira bwino. Amayi ake a Yotamu ataona kuti ndili ndi mantha, anandithirira tiyi wosadzaza kapu kuti ndisadzitayire pachitenje. Chifundo chimenecho ine ndinachiona.

Titadya, atate ake, a Tembo, amene anapuma ntchito kumgodi, anati ali ndi mphatso ya nyumba yathu yatsopano. Anatilowetsa m'sitting room, ndipo kusokonezeka kwanga kunayambira pamenepo. Patebulo panali mitengo. Osati maluwa ayi, mitengo yeniyeni ya nthambi ndi makungwa, koma yaifupi ngati mkono, yobzalidwa m'timbale tosaya. Yotamu anandinong'oneza kuti imeneyi ndi bonsai. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Mumtima ndinkati mwina ndi mbande zimene zinakana kukula, ndipo abambowa akuchita nazo chifundo.

A Tembo anayamba kufotokoza, ine nditagwada, maso ali pansapato zawo. Anati popeza nyumba imene tapeza ku Ndola ilibe bwalo, tifunika mtengo wopirira m'nyumba. Mkuyu anati ayi, umafuna dzuwa lambiri, masamba ake ndi aakulu, ukausunga mkati amayoyoka. Kachere ndiye woyenera, masamba ang'onoang'ono, ndiponso amakhululuka ukaiwala kuthirira. Panalinso wina wa masamba onyezimira wochokera ku nazale, umene anati umanyanyala ukangousuntha malo. Ine ndinkangoti "inde, atate" paliponse pamene apumira.

"Sankhani uliwonse m'nyumba muno, mayi," anatero. "Ukhala wanu."

Patsogolo panga anali atakankhirapo kale kachere wokongola, wobiriwira, m'mbale yatsopano ya buluu. Ndinakumbukira azakhali. Ndinaponya maso uku ndi uku, ndipo pakona, pafupi ndi windo, ndinaona kamtengo kali kokha pakampando. Kopindika ngati kanagundidwa ndi galimoto, mizu ili pamtunda, nthambi zitakulungidwa waya, mbale yake yong'aluka m'mphepete. Ndinati eya, aka ndiye kotaya, n'chifukwa chake akapatula.

"Ndingotenga kaja ka pakona, atate."

Yotamu anatsokomola.

A Tembo anati kamenekonso ndi kachere ndithu, koma n'kokalamba, kovuta kusamala. Bwanji uyu wa mbale ya buluu? Ine ndinazindikira kuti awa ndiye mayeso amene azakhali ananena. Ndinayankha kuti wabwinoyo atsale naye eni ake, ine kopindikako kandikwanira.

Yotamu anandiponda chidendene. Ndinaganiza kuti akundiuza kuti ulemu wachepa, ndiye ndinawonjezera.

"Musavutike, atate. Ngakhale katafa, palibe chimene mwataya."

Nsapato za a Tembo zinabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, kenako ndinamva sofa ikulira.

Sanagonje msanga. Anati atipatsa iwiri, wa buluu ndi wa ku nazale uja. Ndinakana. Anati chabwino, titenge yonse ya patebulo, tebulo lomwe ngati tikulifuna. Ine n'kumadabwa kuti kodi anthuwa amayesa munthu mpaka liti? Ndinakana ndi manja onse awiri, ndikuwomba m'manja mwaulemu.

Potsiriza anapumira m'mwamba.

"Ndanena ndi pakamwa panga kuti uliwonse. Yotamu, bweretsa katoni."

Anakalongedza okha, akutsendera nyuzipepala m'mbali. Anatiperekeza mpaka pamsewu, katoni ili pachifuwa, osalola munthu kuigwira. Ine n'kumati koma abambo awa ndi odzichepetsa, kunyamulira mpongozi katundu!

Mu minibasi Yotamu anadikira mpaka tinatuluka m'Kitwe. Kenako anandifunsa ngati ndikudziwa zaka za kamtengoko. Ndinati mwina ziwiri.

"Thirty-one. Atate anakazula pamng'alu wa khoma la nyumba ya kumgodi sabata imene ndinabadwa ine. Ngakhale ine sindiloledwa kukakhudza. Abusa anakapempha kawiri, anawakana."

Ndinalakalaka kutulukira pawindo. Ndinalira mpaka ku Ndola, katoni ili pamiyendo, ndikuona kuti ukwati wathera pomwepo. Mayi wina amene anakhala pambali panga anandipatsa chikonyo cha chimanga chootcha n'kundifunsa mwachifundo kuti wamwalira ndani.

M'mawa mwake ndinalimba mtima n'kuimbira foni apongozi aakazi. Ndinapepesa, ndinati ndikwera basi lero lomwe kudzabweza. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Usayerekeze, mwana wanga! Zaka thirty-one ndakhala pamitala ndi kamtengo kameneko. Iwe wandichotsera mkazi mnzanga."

Ukwati unachitika, ndipo kamtengo kali pawindo pathu, sikanafe. A Tembo amabwera Loweruka lililonse kuchokera ku Garneton, akuti kudzationa ife ana awo. Amalowa, amapisa chala m'dothi, amatembenuza mbale kuti mbali ina ilandire dzuwa, kenako n'kutembenuka kutipatsa moni ife.

Ulemu ndi wabwino ndithu, koma posankha mphatso muzidzutsako maso pang'ono.